Mmene banja lingakonzekerere dzinja lomwe silikudalirikanso

Makolo athu ankawerenga chaka popanda kalendala, ndipo kawirikawiri sankaphonya. Chizimalupsa chinkagwa cha mu Okutobala n'kuzimitsa moto wa m'tchire, mvula yobzalira inkayamba mu Novembala kuchokera kummwera kunka kumpoto, pofika Khirisimasi anthu ankakhala ali kalikiliki kupalira, ndipo mvula inkatsanzika cha mu Epulo chimanga chitayamba kuuma. Dongosolo limeneli lasokonekera. Zaka zambiri tsopano mvula ikumayamba mochedwa, ikagwa kawiri kapena katatu n'kusowa kwa masabata atatu mbewu zitamera kale, kenaka n'kubwera mwaukali, madzi a mwezi wathunthu n'kugwa m'masiku ochepa, kukokolola mizere, feteleza ndi nyumba zomwe.

Amene angaganize kuti uku n'kudandaula chabe kwa alimi akumbukire zaka zapitazi. Mu Januwale 2015 madzi anasefukira m'maboma ambiri, makamaka ku Nsanje ndi ku Chikwawa, koma dzinja lotsatira kunagwa chilala chimene chinasiya anthu oposa 6 miliyoni akufunika thandizo la chakudya. Namondwe wa Idai anadutsa mu 2019. Wa Ana, mu Januwale 2022, anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire. Wa Freddy, mu Malichi 2023, anapha anthu oposa 1,000 ndipo anagumula mapiri ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre, ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu. Patangotha chaka chimodzi, mu Malichi 2024, boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pangozi chifukwa cha ng'amba. Malangizo onse ali m'munsiwa atsamira pa mfundo imodzi yomwe zaka zimenezi zikuonetsa: chilala ndi madzi osefukira zikumasinthana, nthawi zina m'dzinja limodzi lomwelo, kotero banja silingakonzekere chimodzi n'kusiya chinzake.

Gwero lenileni la vutoli ndi utsi wa malasha ndi mafuta amene mayiko olemera akhala akuwotcha kwa zaka zoposa 100, umene umatsekereza kutentha kuti kusachoke padziko. Mpweya wotentha umaumitsa nthaka msanga, komanso umanyamula madzi ambiri amene umadzawakhuthula nthawi imodzi, ndipo nyanja ya Indian Ocean ikafunda, anamondwe obadwira kumeneko amalowa kudzera ku Mozambique atasenza mvula yochuluka. Ife a kuno tathandizira pang'ono kwambiri pa utsi umenewu, ndipo si chilungamo kuuza mayi wa kumudzi kuti mvula yasowa chifukwa cha mtolo wake wa nkhuni. Komabe phiri lopanda mitengo ndi mtsinje wolimidwa mpaka m'gombe zimachititsa kuti mvula yomweyo iwononge koposa, ndipo apa ndi pamene dzanja lathu likufika.

Khalani pansi mu Seputembala

Ntchito yoyamba si ya khasu ayi. Chaka chilichonse, dzinja likamayandikira, nthambi ya boma yoona zanyengo imatulutsa ulosi wa mvula ya dzinja lonse, ndipo kenaka imatulutsa wa boma lililonse, womwe alangizi a zaulimi amakhala nawo. Ulosiwu umanena ngati mvula ikuyembekezeka kuchepa kapena kuchuluka, nthawi yomwe ingayambe, komanso ngati pali chiopsezo cha ng'amba pakati pa dzinja. Pitani kwa mlangizi mukafunse za dera lanu lenilenilo, chifukwa zimene zikuyembekezeka ku Karonga si zimene zikuyembekezeka ku Balaka. Ulosi si lonjezo, koma mukamva kuti kuli El Niño, komwe ndi kufunda kwa madzi a m'nyanja ya Pacific kumene kumasokoneza kagwedwe ka mvula, dziwani kuti kawirikawiri chigawo cha kummwera ndi mbali ya chigawo chapakati mvula imachepa, monga zinakhalira mu 2016 ndi mu 2024.

Zizindikiro za makolo musazitaye, monga kulira kwa nyenje, kuphukira kwa mitengo ya m'nkhalango, kutembenuka kwa mphepo kuchoka kumwera kupita kumpoto, ndi kutuluka kwa ngumbi. Kungoti musazidalire pazokha, pakuti mitengo yambiri imaphukira chifukwa cha kutentha, ndipo masiku ano kutentha kumatha kufika mvula ikadali kutali.

Mukamva ulosiwo, khalani pansi banja lonse, bambo, mayi, ana okulirapo ndi agogo ngati alipo. M'makomo ambiri bambo amasankha yekha chobzala, pamene amene amadziwa kuti thumba la chimanga limatha masiku angati, kuti chitsime chimaphwa mwezi uti, ndiponso kuti ndiwo zimasowa liti, ndi mayi. Ndikuona kuti banja lomwe silimva mawu a mayi pa nkhaniyi limakonzekera ndi theka la nzeru zake. Gwirizanani kuti munda uti mubzala chiyani, ndalama ya mbewu ndi feteleza ichokera kuti, mbuzi iti ingagulitsidwe zinthu zikathina, ndiponso kuti madzi akabwera usiku muthawira kuti. Zinthu zimenezi zikakambidwa mu Seputembala zimakambidwa mwamtendere, pamene zikakambidwa mu Febuluwale ana akulira njala zimasanduka mkangano.

Kubzala: musathamangire mvula yoyamba

Mbewu yambiri ikumatayika m'masabata awiri oyambirira a dzinja. Mvula ikagwa usiku umodzi, m'mawa mudzi wonse umathamangira kumunda, chimanga chimamera, kenaka dzuwa limaswa mtengo masiku 15 ndipo timbewuto timauma tikadali ndi masamba atatu. Wogula mbewu ya haibulidi pa mtengo wa masiku ano sangakwanitse kugulanso kachiwiri.

Musanabzale, tengani khasu mukumbe pamwamba pa mzere m'malo atatu kapena anayi a mundawo, osati m'khwawa momwe madzi amasonkhana. Ngati chinyezi chalowa kupitirira kutalika kwa chikhatho chanu, ndipo dothi la pansipo mukalifinya likugwirana osamwazika, nthakayo yakhuta. Ngati pansi pakutuluka fumbi, dikirani, ngakhale anzanu onse atabzala. Onjezerani pomvera ulosi wa masiku akubwerawa pa wailesi, kuti mudziwe ngati mvula ina ikutsatira. Chinanso chofunika n'chakuti musathire mbewu yonse tsiku limodzi. Bzalani gawo lalikulu mvula ikakhazikika, koma sungani ina yopachizira ndi yobzalanso, ndipo ngati muli ndi minda iwiri, isiyanitseni ndi sabata imodzi kapena awiri, kuti ng'amba ikadza isapeze chimanga chonse chikumasula ngayaye nthawi imodzi. Nthawi ya ngayaye ndi ndevu ndi imene chimanga chimafuna madzi kwambiri, ndipo dzuwa la masabata awiri pa nthawi imeneyi limatha kuwononga zokolola kwambiri.

Pa mtundu wa chimanga, m'madera otentha monga Balaka, Salima, Mangochi, Neno ndi chigwa cha Shire sankhani chocha msanga, ngakhale kuti chaka cha mvula yabwino chimabereka mocheperapo poyerekeza ndi chokhalitsa. Chimanga cha makolo chili ndi ubwino wake, chifukwa chimakonoleka bwino mumtondo ndipo anankafumbwe sachilowa msanga, koma chimafuna dzinja lalitali, choncho chipatseni kagawo kochepa pamalo osunga chinyezi.

Nkhani yaikulu, imene ambiri safuna kuimva, ndi yakuti chimanga chokha sichingathenso kusunga banja. Timati tagona ndi njala tikapanda kudya nsima ya chimanga ngakhale m'nyumba muli mbatata, ndipo maganizo amenewa akutipweteka. Mapira ndi mchewere, zomwe anthu a ku Nsanje ndi ku Chikwawa sanazisiye, zimapirira dzuwa lomwe limapha chimanga. Nandolo ali ndi mizu yozama, amapitiriza kukula mvula itatha, amabereka m'chilimwe pamene ndiwo zasowa, amapereka nkhuni, ndipo masamba ake amawonjezera chonde, choncho mubzaleni pakati pa chimanga monga amachitira alimi a ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Zomba. Khobwe amacha msanga ndipo masamba ake ndi ndiwo. Chinangwa chimadikira m'nthaka mpaka tsiku lomwe mwachifuna. Mbatata yofiira m'kati, monga Zondeni, Kaphulira ndi Kadyaubwerere, ili ndi vitamini A wothandiza ana, ndipo ubwino wake waukulu ndi wakuti mutha kuibzala mu Januwale kapena Febuluwale chimanga chitakanika kale. Vuto limakhala kusowa kwa mbewu yake pa nthawi imeneyo, ndiye sungani kholowa kudimba kapena pafupi ndi mjigo kuyambira m'chilimwe.

Munda wosunga madzi koma wosakokoloka

Munda womwewo uyenera kugwira dontho lililonse mvula ikachepa, ndi kutulutsa madzi mwaulemu mvula ikachuluka. Pamalo otsetsereka mizere izidutsa mopingasa, motsatira akalozera, ndipo mlangizi angathe kukuthandizani kuyeza ndi chipangizo chophweka cha mitengo itatu ndi chingwe. Pa akalozerawo bzalani udzu wa vetiva, womwe mizu yake imalowa pansi kwambiri n'kumanga dothi. Tsekani mizere ndi timilambala ta dothi pa mamita awiri kapena atatu alionse kuti madzi aime ndi kulowa pansi, koma mvula ikanyanya ndipo madzi akhala m'mizere masiku awiri osaphwa, gumulani timilambala tina kuti chimanga chisachite chikasu. Ambiri amaiwala mbali yachiwiriyi, ndipo akaona chimanga chavunda amati njirayo ndi yoipa.

Mapesi musawotche. Moto wosakira mbewa ndi wososera m'munda umatentha chakudya cha nthaka. Yalani mapesi ndi udzu pansi kuti aphimbe dothi, ndipo mukafuna umboni, tsiku lina la ng'amba masana mupise dzanja pansi pa mapesiwo kenaka mukhudze dothi la pambali losaphimbidwa: lapansi pa mapesi limakhala lozizira ndi lonyowa pamene linalo likuwotcha. Kumene ziweto zimangoyenda m'chilimwe, nkhaniyi ipite kwa amfumu kuti mudzi ugwirizane, chifukwa mlimi mmodzi sangalimbane ndi ng'ombe za mudzi wonse. M'madera ouma kwambiri, kubzala m'maenje othiramo manyowa kumasunga chinyezi kuposa mizere, koma m'dambo ndi m'dothi la makande maenje amadzaza madzi, choncho kumeneko musawayese.

Nthaka ya manyowa imasunga madzi nthawi yaitali kuposa nthaka yongodalira feteleza. Yambani kupanga kompositi mukangokolola. Ambiri akupanganso manyowa a Mbeya, posakaniza feteleza pang'ono, gaga, ndowe za ziweto, phulusa ndi madzi, n'kumanga m'thumba la pulasitiki kwa masabata atatu, ndipo mlangizi adzakuuzani miyezo yake. Feteleza wokulitsa kapena wobereketsa musathire panthaka youma poopa kuchedwa, kapena pamene kwalengezedwa chimvula champhamvu, pakuti koyambako amawotcha mbewu ndi kuuluka, kwachiwiriko amapita kumtsinje.

Pa mitengo, kusamalira ziphukira za pazitsa n'kodalirika kuposa kubzala mbande zomwe zambiri zimauma mu Okutobala. Sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu pachitsa, sadzani zinazo, ndipo zitetezeni ku moto. Msangu usiyeni m'munda, chifukwa umayoyola masamba m'dzinja, kotero suphimba chimanga, ndipo masambawo amasanduka manyowa.

Kutentha ndi ng'amba zimakomera ntchemberezandonda za mtundu watsopano (fall armyworm), zomwe zinafika m'dziko muno m'dzinja la 2016 mpaka 2017. Yenderani munda kawiri pa sabata kuyambira chimanga chikangomera, ndipo muziyang'ana pamtima pa chimanga pomwe masamba atsopano akutulukira. Masamba obooka ndi ndowe zonga utuchi ndiye chizindikiro. Mbozi zikadali zazing'ono, kuzitola ndi kuphwanya mazira kumathandiza, ndipo alimi ena amathira dothi kapena phulusa pamtimapo, ena msuzi wa usipa kuti uitane nyerere. Zikachuluka funsani mlangizi za mankhwala oyenera, ndipo popopera muzidziteteza.

Madzi akabwera

Ambiri amene anafa ndi Freddy anali m'nyumba zawo, m'munsi mwa mapiri ndi m'mphepete mwa mitsinje. Napolo si wachilendo, anthu a ku Phalombe amakumbukira wa mu 1991, koma mvula yomudzutsa ikubwera pafupipafupi. Ngati nyumba yanu ili m'khwawa, m'munsi mwa phiri lopanda mitengo, kapena pamalo pomwe madzi anafikapo kale, chenjezo likaperekedwa chokani kukadali kowala, osadikira kuti muone madziwo ndi maso. Mvula ikagwa masiku awiri osaleka, yang'anani ming'alu yatsopano pansi kapena pakhoma, mitengo yopendekeka, ndi mtsinje womwe wasanduka matope kapena waphwa mwadzidzidzi mvula ikugwabe, chifukwa kutero n'kuti watsekeka kumtunda ndipo ubwera ndi miyala. Mukamva mkokomo kuphiri, thawirani cham'mbali ndi kumtunda, osati kutsika motsatira khwawa.

Aliyense pakhomo, ngakhale mwana wa sitandade 2, adziwe kothawira ndi njira yake, ndipo agwirizane kale amene adzanyamule agogo, wolumala kapena khanda. Ziphaso za unzika, mabuku a kuchipatala, satifiketi za sukulu, mankhwala a ma ARV kapena a shuga, tochi ndi mbewu pang'ono zikhale m'thumba limodzi la pulasitiki lopachikidwa pamwamba. Dziwani mamembala a komiti yoona za ngozi m'mudzi mwanu, chifukwa uthenga wochokera ku nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA umadzera mwa iwo ndi mwa amfumu. Musawoloke madzi othamanga, ndipo ana asapite kusukulu ngati njira yawo ikudutsa mtsinje wodzaza.

Nyumba ya zidina imagwa kuyambira pansi, madzi akanyowetsa maziko. Mvula isanayambe, kwezani khonde kuzungulira nyumba yonse, kumbani ngalande yopatutsa madzi kumtunda kwake, onetsetsani kuti denga latuluka mokwanira kuti madzi asamenye khoma, ndipo mangani denga ku khoma ndi waya.

Madzi akaphwa amasiya matenda. Mliri wa kolera umene unayamba mu 2022 n'kupitirira mu 2023 unapha anthu oposa 1,700, ndipo unakula kumene zimbudzi zinagwa ndi zitsime zinalowa zonyansa. Madzi akumwa awiritseni kapena thiranimo klorini wochokera kwa alangizi a zaumoyo, ngakhale akuoneka oyera. Wotsekula m'mimba mwamadzimadzi ayambe kumwa Thanzi ORS nthawi yomweyo ali paulendo wa kuchipatala. Zithaphwi zimaswa udzudzu, choncho neti ikhale pa mphasa iliyonse, ngakhale kumsasa.

Zokolola, ndalama ndi ana

Mvula ikumathanso kupitirira nthawi yokolola, chimanga ndi mtedza n'kuchita chuku, chomwe ndi poizoni woononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana. Yanikani pamkeka kapena pathandala, osati padothi, ndipo musasunge mpaka njere ikuthetheka poiluma. Matumba osalowa mpweya, monga a PICS, amapha anankafumbwe popanda mankhwala bola akhale osabooka ndi omangidwa bwino.

Musanagulitse thumba ngakhale limodzi, werengerani. Ngati thumba la makilogalamu 50 limatha mwezi umodzi pakhomo panu, mukufunika matumba 12, kuwonjezerapo ena a maliro, alendo ndi dzinja lochedwa, popeza kuchedwa kwa mvula kumatalikitsanso miyezi ya njala. Mavenda amafika ndi sikelo mu Meyi mtengo uli pansi, ndipo banja lomwelo limakagulanso chimanga chomwecho mu Januwale pa mtengo wokwera kwambiri. Ngati pakufunika ndalama, gulitsani soya, mtedza, nandolo kapena nkhuku. Futsani nkhwani, chitambe, bonongwe, chisoso ndi therere zikadali zambiri, pangani makaka, ndipo ngati kuli dambo kapena mtsinje wosaphwa limani dimba, kusiya mpata wa udzu ndi mitengo m'mphepete mwa madzi. Kulowa banki mkhonde kumathandiza kuti ngozi ikagwa musathamangire kwa akatapila, koma ngongole yake ipite ku chinthu chobweza ndalama.

Mabanja odalira nsomba nawonso aganizire njira yachiwiri. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1995 ndipo inaphwanso kwambiri mu 2018, mabwato n'kutsala pamatope ouma, matemba n'kusowa. Pamene nyanja ya Malawi inakwera mu 2024, inameza nyumba ndi minda m'mphepete mwake ku Mangochi ndi madera ena. Msodzi amene ali ndi kamunda ka mpunga kapena chinangwa, ndi mbuzi zingapo, amapirira zaka zoterezi kuposa wodalira ukonde wokha.

Chaka cha njala, mtolo wolemera umagwera amayi ndi ana. Mjigo ukaphwa mtsikana ndi amene amadzuka m'bandakucha kukatunga madzi kutali n'kufika kusukulu mochedwa, ndipo makolo akapita kuganyu m'minda ya ena, munda wawo umamera tchire, njala ya chaka chino n'kubala ya chaka chamawa. Gawanani ntchito kuti wina atsale akupalira kwanu pamene wina wapita kuganyu, ndipo anyamata nawonso atunge madzi ndi kutola nkhuni. Chitetezo mbaula chimachepetsa nkhuni, kotero maulendo a kuthengo amachepa. Bambo amene akuganiza zopita ku Joni kapena ku Mozambique kukasaka ntchito asanyamuke munda usanabzalidwe, ndipo agwirizane ndi mayi za mmene ndalama zizifikira pakhomo. Koposa zonse, njala isakhale chifukwa chokwatitsira mwana. Malamulo a dziko lino, kuyambira 2017, salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndipo chimanga chomwe mkamwini angabweretse chimatha m'miyezi iwiri pamene mtsikanayo wasiya sukulu mpaka kalekale. Zinthu zikafika pothina chotere, pitani kwa amfumu, kwa aphunzitsi aakulu ndi ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya m'boma lanu, mukafotokoze vuto lanu ndi kufunsa za thandizo la chakudya, phala la kusukulu ndi mtukula pakhomo mwana asanasiye kupita m'kalasi.